Disiki ya pa Ngabu

Rosettenville, Joni
11 Juni 2023

Mayi a Favour, mkazi wanga Imelda,

Moni wambiri. Muli bwanji kumeneko pa Ngabu, inu ndi mwana wathu? Nanga apongozi mwendo uja waphwa? Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chandipeza ndilibe mafuta m'thupi. Munthu wokulira m'ng'anjo ya ku Chigwa ngati ine, m'mawa ndikumavala majuzi awiri ndi chipewa chophimba makutu. Mutandiona mukhoza kundithawa.

Voisi yanu ndaimvera katatu. Mukuti kompyuta yomwe ndinatumiza ndi a Duncan a lole ikugwira bwino, ndipo anthu ayamba kubwera ndi zithunzi ndi masatifiketi omwe anapulumuka ku madzi a mu Malichi, inu mukuwajambula pa sikana n'kuwasungira. Mtima wanga wakula. Ndinanena ine kuti anthu akwathu, madzi atawadyera mapepala chaka ndi chaka, adzafuna wina wowasungira pouma. Koma mukudandaula kuti batire la sola likutha msanga, pofika 3 koloko mukubweza anthu. Pukutani nkhope, matenda amenewo ndikuwadziwa, ndipo dokotala wake ndi mwamuna wanu yemweyu.

M'kompyutamo muli madisiki awiri. Yaing'ono ndiyo imayendetsa makina, ilibe mlandu. Yaikulu, momwe mukusungamo zinthu za anthu, mkati mwake muli timbale tachitsulo tomwe timazungulira tsiku lonse, kaya mwaifunsa kanthu kaya simunaifunse. Imeneyo ndiyo ikumwa batire. Kuno kuntchito magetsi akuthima maola ambiri, ndiye bwana anaika kapulogalamu kotchedwa hd-idle. Disiki ikakhala mphindi khumi popanda woifuna, kapulogalamuko kamaigoneka. Mukaifuna imadzuka yokha.

Tsopano tcherani khutu. Ndalemba pa pepala n'kulijambula chifukwa foni imandisinthira mawu ngati ndine wa sitandade 1. Gulani bandulo, lumikizani kompyuta ku foni yanu monga ndinakuuzirani, kenako tsegulani windo lakuda lija mumaliopa lija. Lembani motere:

sudo apt update

Idzafunsa pasiwedi. Polemba simudzaona zilembo, musaganize kuti kiyibodi yafa, imabisa dala. Apt ameneyu ndi wantchito wa m'kompyutamo amene amakatenga mapulogalamu kunkhokwe yawo, kuwaika, ndi kuwachotsa mukatopa nawo. Mzere woyambawu mukungomutuma kuti akaone zomwe zilipo lero. Akabwerako lembani:

sudo apt install hd-idle

Zilembo zidzathamanga pa sikirini, zisiyeni zithamange. Timizere totsala toti kayambe kugwira ntchito ndalemba kuseri kwa pepala lino. Musadumphe ngakhale kadontho.

Mwina mukudabwa kuti munthu amene anabwera kuno kudzasesa m'shopu ya makompyuta wazidziwira kuti zonsezi. Ndi maso, mayi. Ndikamasesa kumbuyo kwa bwana, tsache lili pansi koma maso ali pa sikirini, ndipo zomwe ndaona ndimalemba m'kope langa. Masiku ano akumandilola kutsegula makina a makasitomala n'kuwapukuta fumbi ndekha. Mukakumana ndi aja ankati Lorenso wapita ku Joni kukatsuka agalu, muwapatse moni wanga.

Chitowe musagulitse msanga, ogula oyamba ndi akuba. Mbuzi yoyera ija muimange, yazolowera dimba la eni ake.

Ndine wanu,
Lorenso


9 Julaye 2023

Mayi a Favour,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine chimfine chinandigwira sabata imodzi koma chandisiya. Favour mumuuze kuti chithunzi chake cha yunifolomu ndachiona, watalika ngati bango.

Takhuta, Imelda, zikomo kwambiri! Mwaika pulogalamu ulendo umodzi wokha, osalakwitsa. Chithunzi cha sikirini chomwe munatumiza ndaonetsa anzanga onse ogona nawo chipinda, ndinati onani, uyu ndi mkazi wanga, ali pa Ngabu pamene inu akazi anu sadziwa ngakhale poyatsira. Mmodzi anakwiya, koma zake zimenezo. Mukuti tsopano batire likufika 4 koloko. Zabwino, koma ine sindinakhutire.

Ndakhala ndikuganiza. Bwana amasiya disiki idikire mphindi khumi isanagone chifukwa iyeyo ali ndi mabatire akuluakulu ngati makabati. Ife tili ndi limodzi, lotopa kale. Mphindi khumi zimenezo disiki ikuzunguliranji popanda ntchito? Tsegulani fayilo ya malamulo a pulogalamuyo, ija munaitsegula kale, ndipo pamzere womwe ndaujambula m'munsimu muike nambala 60. Ndi masekondi amenewo. Ikangokhala chete mphindi imodzi, igone. Nzeru imeneyi sindinaione kwa bwana kapena kwa munthu aliyense, ndi yangayanga, yatuluka m'mutu muno. Mudzaona, batire lidzafika mpaka nthawi yotseka.

Mwafunsa kuti nanga chikavuta mudzachichotsa bwanji. Amayi inu! Mlendo wangokhala kumene pampando, inu mwayamba kale kumuyang'anira njira yobwererera. Chabwino, ndikulemberani kuti mudziwe kuti mwamuna wanu sadziwa theka lokha. Pali njira ziwiri:

sudo apt remove hd-idle

Imeneyi imachotsa pulogalamu koma imasiya fayilo ya malamulo, kuti mukadzaikanso ipeze zonse monga munazisiyira.

sudo apt purge hd-idle

Imeneyi ndiye imasesa zonse, pulogalamu ndi malamulo ake omwe, osasiya kanthu. Koma mizere iwiriyi mungoisunga, simudzaifuna.

Ndatumiza kangachepe kudzera kwa a Duncan, pamodzi ndi inki ya pulinta ndi nsapato za mwana. Zikamukulira musazibweze, mapazi ake akuthamanga. Tinasamuka chipinda chija, tsopano tili kuseri kwa galaja ina, anthu asanu. Chifukwa chake tidzakamba pamaso.

Wanu,
Lorenso


20 Ogasiti 2023

Mkazi wanga,

Moni kwa inu, kwa Favour ndi kwa apongozi. Ndamva kuti anapita kuchipatala ndipo akupezako bwino, Mulungu alemekezeke. Kuno mphepo yayamba, fumbi la m'migodi yakale likulowa mpaka m'mano, koma thupi lili bwino.

Ndinanena kapena sindinanene? Batire likufika 5 koloko, ndipo mukutseka chitseko likadali ndi moyo. Mukanakhala pafupi ndikanakuuzani kuti mundiombere m'manja.

Nkhani za anthu omwe akubwera zikundisangalatsa kuposa ndalama zake. Mukuti bambo Saulos anachokera ku Marka, ulendo wonse uja, atakulunga masatifiketi a ana awo atatu m'pulasitiki ya shuga, ndipo atawaona pa sikirini anavula chipewa. Mukutinso aphunzitsi a Ethel abweretsa mapepala a ana a sukulu yawo, ndi amayi ena zithunzi za amuna awo omwe anapita ndi madzi, zina zitamatirirana moti munachita kuzilekanitsa ndi lezala. Gwirani ntchito imeneyo ndi manja awiri, Imelda. Ena mwa mapepalawo akufufutika tsiku ndi tsiku chifukwa cha chinyezi chija, ndiye posachedwa pomwe padzatsale nkhope zimenezo ndi m'disiki yathu mokha. Munthu aliyense mumutsegulire foda ya dzina lake ndi mudzi wake, musasakanize.

Tsono za kaphokoso kaja. Mukuti disiki ikamadzuka ikumalira kuti khe, khe, kenako n'kuyamba kuzungulira, ndipo kale sinkatero. Musade nkhawa. Inuyo mukamadzuka m'mawa mafupa salira? Disikiyo ndi yakale, bwana anandipatsa ataichotsa m'makina ena, koma ndi yolimba, ya kampani yeniyeni. Makutu anu ndi akuthwa mopitirira, munazolowera kumva mbewa m'nkhokwe anthu onse ali m'tulo. Isiyeni igwire ntchito yake.

Kutentha kukayamba muziika kompyuta pamwamba pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi, ndipo musaiphimbe ndi nsalu yoluka ija, ndikukudziwani.

Za mapepala anga okhalira kuno zikadali pomwe zinali. Ndapitako kawiri, mzere wake umayambira kunja kwa mpanda. Tisazikambe zambiri.

Ndine,
Bambo a Favour


1 Okutobala 2023

Imelda,

Moni. Ndikhulupirira mwana ali bwino. Ine ndili moyo.

Voisi yanu ya Lachinayi sinandisangalatse, ndipo ndinene mosabisa. Mukuti disiki ikuchedwa kudzuka, tsiku lina inalira khe khe kasanu kasitomala ataima pamaso panu, mpaka munachita manyazi. Mukuti pa tsiku la msika anthu amabwera motsatizana, wina akangotuluka papita mphindi ziwiri wina walowa, ndiye disiki ikungokhalira kugona n'kudzuka kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mpaka pamenepo ndamva. Koma kenako mukundiuza kuti, "Bambo a Favour, funsani wakabaza aliyense pa siteji, chomwe chimathyola mawondo si kutalika kwa ulendo, koma kuima n'kuyambanso, kuima n'kuyambanso." Ndiye mukufuna kuchotsa pulogalamu chifukwa cha nzeru za akabaza?

Disiki si bondo la munthu, mayi. Ine ndimagwira makina amenewa tsiku ndi tsiku. Inu mwaidziwa kompyuta miyezi isanu yokha, lero mwayamba kundiphunzitsa? Ndikuti nkhabe, ayi ndithu. Musakhudze pulogalamuyo, musasinthe nambala. Mukaichotsa batire lidzabwerera kutha masana, ndipo anthu omwe akukutamani lerowa ndi omwewo adzayambe kunena kuti kwa mayi a Favour n'kotseka nthawi zonse. Phokosolo ndi la kutentha basi. Okutobala wa ku Chigwa ndikumudziwa, ngakhale chitsulo chimadandaula.

Mwati ndikafunse bwana. Sindifunsa. Munthu wangoyamba kumene kundikhulupirira, sabata yatha anandisiyira makiyi a shopu kwa maola awiri, ndiye ndipite kukamuonetsa kuti kanthu kakang'ono ngati aka kandikanika? Mundisiyire ulemu wanga pang'ono.

Pepani ngati ndalemba mokalipa. Masiku ano tulo sitikubwera bwino. M'misewu yathu muno mukuyenda magulu ena ofunsa anthu komwe anabadwira, ndiye kuchoka kuntchito timayenda awiriawiri, osalankhula chinenero chathu. Musauze apongozi.

Mbewu ya mapira muisankhe tsopano mvula isanatidzidzimutse.

Lorenso


12 Novembala 2023

Mayi a Favour, wokondedwa wanga,

Ndili moyo. Ndayamba ndi mawu amenewo chifukwa ndikudziwa kuti masabata asanu ndi limodzi opanda mawu anga mtima wanu sunakhale pansi. Ndili bwino, nthiti ziwiri zokha ndizo zikundikumbutsa ndikamaseka, ndiye ndikuseka mochepa. Foni inapita. Ndinakhalanso masiku ena pamalo pomwe sindinasankhe ndekha, mpaka bwana anabwera kudzandinenerera. Zina zonse tidzakamba nditakhala pamkeka wakwathu. Kalata ino abweretsa a Duncan pamanja, akunyamuka mawa.

Tsopano mverani, ndipo muchite tsiku lomwelo mwailandira.

Kumalo kuja kunalibe chochita, ndiye ndinkangoganiza za khe khe wanu uja. Nditabwerera kuntchito ndinameza manyazi n'kufunsa. Ndinati, "Bwana, mnzanga wina kumudzi anaika nambala ija pa 60, ndiye disiki yake ikulira podzuka."

Anasiya sikuludiraiva pa tebulo. "Pa 60? Disiki yake ndi yatsopano?"

"Ndi yakale."

"Yakale ngati ija ndinakupatsa?"

Ndinayang'ana pansi. Anafunsanso kuti kumeneko kukutentha bwanji, ndinati phula limafewa pamsewu. Anapukusa mutu nati, "Lorenso, pulogalamuyo ilibe mlandu, imachita zomwe waiuza. Koma disiki imatopa kwambiri podzuka, mota wake amakoka mphamvu zonse nthawi imeneyo. Yakale ngati imeneyo ukamaidzutsa mazanamazana pa tsiku, ukuipha. Umuuze mnzakoyo kuti ikadzuka asaigonekenso ngakhale kamodzi. Akopere zonse lero, chifukwa ulendo wina sidzadzuka." Mawu oti mnzakoyo anawatchula akundiyang'ana m'maso.

Imelda, akabaza anu aja ankanena zoona, ndipo ine ndinalakwa. Chotsani pulogalamuyo. Mizere yake ili m'kalata ya mu Julaye. Disiki ikadzuka musazimitse kompyuta, pezani disiki ina kulikonse, mukopere zinthu za anthu zonse. Ndikungolingalira za bambo Saulos ndi amayi a zithunzi zomatirirana aja. Anatikhulupirira, ndipo ngati zatayika ndine ndazitaya, ndi nambala yanga yomwe ndinkaitama ija.

Lole ya a Duncan imatenga masiku asanu ikapanda kuchedwa pa bodala. Ndikuwerenga masikuwo ngati wodwala. Ndiyankheni pa nambala ya a Duncan, adzandipeza.

Mwamuna wanu wopusa,
Lorenso


26 Novembala 2023

Mayi a Favour,

Moni wa chimwemwe! Muli bwanji, mkazi wa ine? Ine nthiti zapola, ndipo zikanapanda kupola zikanathyokanso dzulo ndi kulumpha.

Makalata athu anaphonyana panjira. Pamene yanga imatsika, yanu inali kale m'thumba la dalaivala wina ikukwera, ndipo ndailandira dzulo. Ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopindamo. Ndiye kuti zonse zomwe ndinkakulamulani ndi mtima uli m'mwamba, inu munali mutazichita kale mwezi wathunthu m'mbuyomo!

Ndiloleni ndizibwereze, chifukwa ndikazinena zikundikomera. Pa 17 Okutobala disiki inakana kudzuka, munayesa katatu, ulendo wachitatu n'kuzungulira. Munandiimbira, foni yanga yosapezeka. Simunadikire. Munatulutsa kalata ya mu Julaye, munatsegula windo lakuda n'kulemba purge, osati remove. Mukuti munasankha dala yosesa zonse, "kuti ngakhale mutatuma munthu kudzaikanso, 60 wanuyo asapezekenso m'nyumba muno." Pamenepo ndinaseka ndekha ngati wamisala, anzanga mpaka anandiyang'ana.

Kenako munatseka shopu masiku atatu, anthu akugogoda inu osatsegula. Munakabwereka disiki kwa aphunzitsi a Ethel. Munadziwa nokha, popanda bwana wokuuzani, kuti ikangoima sidzayambanso, ndiye kompyuta isazime usana ndi usiku. Mabatire munasonkhanitsa atatu, lina la achimwene anu a Fanizo, lina la kutchalitchi, ndipo akabaza ankapita nawo kokatchaja n'kubwera nawo mosinthana. Mukuti munkalumikiza lodzaza musanachotse lotha kuti moto usaduke. Zimenezo anakuphunzitsani ndani? M'kope langa mulibe. Ndi thumba lonyowa lomwe munapachika pa zenera kuti mphepo ilowe yozizira, kuno ku Joni palibe angaliganize.

Mukuti inkakopera pang'onopang'ono ngati nkhalamba yokwera chitunda, foda imodzi nthawi zina ola lathunthu. Tsiku lachinayi kunachita mitambo, magetsi a kotchajira anathima kuyambira m'mawa, batire lomaliza linatha, kompyuta inazima. Disiki sinadzukenso. Koma mafoda a anthu onse anali atawoloka, kuyambira a bambo Saulos mpaka a mayi womaliza.

Lero m'mawa ndinapita kwa bwana ndi kalata yanu m'manja. Ndinati, "Bwana, mnzanga uja ndi ine, ndipo amene wapulumutsa zinthu ndi mkazi wanga." Ndinamumasulira mzere ndi mzere. Atamva za mabatire anandifunsa kuti mkazi wakoyo anaphunzira kuti. Ndinati analekeza fomu 2, pa Ngabu pomwepo. Anati, "Ndiye ndinalemba ntchito munthu wolakwika m'banja mwanu." Mwamuna wina akanakwiya. Ine ndinayenda tsiku lonse chifuwa chili patsogolo.

Chinthu chimodzi chokha. M'kalata yanu mwalemba kawiri kuti za anthu zonse zapulumuka. Za anthu. Simunatchule foda yathu, momwe munali zithunzi za ukwati wathu ndi vidiyo ya malemu mayi anga akuimba pa ubatizo wa Favour. Mukudziwa kuti zapepala zinapita ndi madzi, ndipo zina zinali m'foni yanga ija. Mwina mwangoiwala kulemba. Ndiuzeni.

Wanu wonyada,
Lorenso


17 Disembala 2023

Imelda, mayi a Favour,

Moni kwa nonse. Ndamva kuti mvula yagwa ndipo mapira amera. Ine ndili bwino.

Yankho lanu ndalandira. Ndinalitenga n'kukakhala kuseri kwa galaja, pa thayala lakale, ndipo ndinalira. Sindikubisirani. Mawu a mayi anga sindidzawamvanso.

Mwapepesa kanayi m'kalata imodzi. Lekani. Mukuti foda yathu munaiika kumapeto kwa mzere, chifukwa simukanatha kuyang'ana amayi aja m'maso n'kuwauza kuti nkhope za amuna awo zatayika pamene zathu zili bwinobwino. Mukuti inali itangoyamba kukopera pamene batire linatha, ndipo munakhala pamenepo mukuyang'ana sikirini yakuda mpaka Favour anabwera kudzakugwedezani. Ndaganiza za zimenezi masiku onsewa. Ndikanakhala ine pampando umenewo ndikanayamba ndi mayi anga. Ndikudziwa bwino lomwe. Ndikanayamba ndi vidiyo ija, yaikulu ngati mafoda makumi angapo, ndipo anthu ena a ku Marka ndi kwa Tengani akanabwerera ndi manja okha. Inu munasankha bwino kuposa momwe ine ndikanasankhira. Ndipo mukanachotsa pulogalamu tsiku lomwe munandipempha koyamba, nthawi ikanakwana ya zonse. Amene anakuletsani ndine. Mlandu umenewo ndi wanga, musaunyamule.

Sindinayambe ndanyadirapo munthu monga ndikukunyadirani lero, ndipo ndikulemba misozi isanaume.

A Duncan akubweretsa madisiki awiri atsopano, bwana wandithandiza kusankha. Chilichonse muzisunga pawiri. Disiki ya aphunzitsi a Ethel mubweze pamodzi ndi nkhuku, aiyenera. Za pulogalamu yogonetsa ija, kuika kapena kusaika, nambala yanji, muone ndinu. Makina amenewo mumawamva ndi makutu anu, ine ndili kutali. Mukapeza wolemba zikwangwani, alembe dzina lanu pamwamba pa chitseko, lanu lokha.

Ndili ndi pempho limodzi. Tsiku la ubatizo lija ine ndinali kumbuyo ndi foni, inu ndi amene munaima pambali pa mayi. Ndayesa kukumbukira duku lomwe anavala, mutu ukundipatsa lobiriwira, mawa lake labuluu. Khalani pansi ndi pepala, mulembe zonse zomwe mukukumbukira: zomwe anavala, nyimbo yomwe anayambitsa, momwe anamunyamulira mwana, zomwe anakunong'onezani potuluka m'tchalitchi zija munakana kundiuza zija. Musafulumire, ngakhale litenge sabata. Mukamaliza muliike pa sikana. Disiki yatsopano ikafika, pepala limenelo likhale loyamba kulowamo.

Ndine mwamuna wanu,
Lorenso